Musamukakamize kuulula, ndipo musamuululire

Nkhani ya akazi okondana ndi akazi anzawo ikabuka pa magulu athu a WhatsApp kuno ku yunivesite, mayankho amabwera amitundu iwiri. Ena amati anthu oterewa ndi achinyengo, akuyenda pakati pathu atavala chigoba, ndipo n'koyenera kuwatchula mayina kuti aliyense awadziwe. Ena, amene amadziona ngati otsogola m'maganizo, amati mkazi wotere asiye mantha, aimirire n'kunena poyera chimene iye ali, chifukwa kubisala n'kumene kukuchedwetsa kusintha kwa zinthu. Magulu awiriwa samwerana madzi, koma pa chinthu chimodzi akugwirizana osadziwa: onse akufuna kumulanda mkaziyo chisankho chimene chili chake.

Ine ndikuti kuulula kapena kubisa ndi chisankho cha mwini wake, ndipo amene wasankha kukhala chete si wabodza kapena wamantha. Nthawi zambiri ndi munthu amene wawerengera bwino zimene angataye, kuposa mmene ife tingamuwerengerere. Kuti izi zimveke, tiyeni tiichotse nkhaniyi pa foni n'kuiika pamalo enieni, ngati pa Milepa m'boma la Chiradzulu, pamene pali msika, chipatala, mipingo, mizikiti ndi midzi imene aliyense amadziwa agogo a mnzake.

Zimene lamulo likunena

Mkazi wa ku Milepa akamaganiza zouza munthu chinsinsi chake, sayambira pa lamulo, koma lamulolo lili pamenepo ngati mtambo. Malamulo a milandu amene tinatengera kwa atsamunda ankalanga kwambiri amuna: gawo 153 lili ndi chilango cha zaka 14, gawo 156 zaka 5. Akazi sankatchulidwa mwachindunji. Mu Disembala 2009, Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anamangidwa atachita chinkhoswe ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Mu Meyi 2010 khoti linawalamula kukakhala kundende zaka 14, ndipo mwezi womwewo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon. Ambiri timakumbukira pomwepa n'kuiwala zimene zinatsatira. Mu Disembala 2010 Nyumba ya Malamulo inavomereza gawo latsopano, 137A, limene limalanga mkazi wochita zimene lamulolo limazitcha zonyansa ndi mkazi mnzake, kaya pagulu kaya kuchipinda, ndi zaka 5 kundende. Bingu analisainira mu Januwale 2011.

Kuyambira pamenepo boma lakhala likulankhula pawiri. Mu 2012 nduna ya zachilungamo Ralph Kasambara inalengeza kuti apolisi ayambe asiya kumanga anthu pa milandu imeneyi, ndipo mu 2015 Samuel Tembenu anabwereza zomwezo. Koma malamulowo sanafufutidwe. Mu Julaye 2023 atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anatsogolera zionetsero m'mizinda yathu zotsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Pa 28 Juni 2024, oweruza atatu a khoti loona za malamulo aakulu a dziko anakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani loti malamulo otere athetsedwe, n'kunena kuti ntchito yosintha malamulo ndi ya aphungu.

Ophunzira zamalamulo adzakuuzani kuti gawo 137A limalanga zochita, osati chimene munthu ali, ndipo kunena kuti "ndimakonda mkazi mnzanga" si mlandu. Papepala n'zoona. Koma m'mudzi palibe amene amasiyanitsa ziwirizi. Mawu akangotuluka, amasanduka umboni m'manja mwa aliyense amene anali naye kale chifukwa.

Zimene amaika pa sikelo

Ku Chiradzulu mabanja ambiri ndi a chikamwini. Mwamuna ndiye amachoka kwawo kukamanga nyumba kwa mkazi. Munda umatsata mzere wa amayi, ndipo mwana wamkazi ndiye tsinde la mbumba. Mnyamata akanyamuka kupita ku Limbe kapena ku Joni, n'kukhala zaka asanakwatire, anthu amangoti akusaka ndalama. Mtsikana ayi. Iye akuyembekezeka kukhala pamudzi, kubweretsa mkamwini, kubereka ana amene adzalime munda wa anganga ake ndi kudzasamala amayi ake akakalamba. Kuyambira kuchinamwali, malangizo onse amene amalandira amaloza kumeneko.

Ndiye tiyerekeze mtsikana wa zaka 24, wamaliza Fomu 4, akugulitsa tomato kapena kaunjika pa tsiku la msika. Akauza amayi ake lero, nkhaniyo sithera kwa amayi. Ifika kwa amalume, amene ndi mwinimbumba. Amalume akaimva, mwina aitana azakhali ndi akuluakulu a kumpingo, mwinanso ifika kwa amfumu. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma amene anthu ndi othithikana kwambiri m'dziko muno, ndipo malo olima ndi ochepa. Pamene kachigawo ka munda kakulimbiranidwa ndi ana a achemwali atatu, mbiri yoti uyu "wabweretsa tsoka pamudzi" ingakhale chida chabwino kwa amene akufuna gawo lake. Makasitomala ake pamsika ndi anthu omwewo amene amapemphera nawo Lamlungu kapena Lachisanu. Gulu la banki m'khonde limene amakongolako ndalama ndi la amayi omwewo. Munthu wa m'tauni akataya mnzake mmodzi amapeza wina. Iyeyu angataye nyumba, munda, malonda ndi mpingo tsiku limodzi, chifukwa zonsezi zili m'manja mwa anthu amodzimodzi.

Manambala akusonyeza kuti mantha ake sakuchokera m'mutu mwake. Mu lipoti la Afrobarometer la 2016, lochokera m'mayiko 33 a mu Africa, Amalawi 6 okha pa 100 alionse ndi amene anati sangadandaule kukhala moyandikana ndi munthu wokonda amuna kapena akazi anzake. Kwa anansi athu a ku Mozambique, kumene malamulo otere anachotsedwa mu 2015, anali 56 pa 100.

Koma chikamwini chomwecho chili ndi mbali ina imene otsutsana a pa WhatsApp saiona. M'midzi ya kuno si zachilendo kuona mayi akuyendetsa banja yekha. Maukwati amatha, mkamwini n'kunyamula katundu wake, mayi n'kutsala pa malo ake. Akazi awiri kugwirana manja panjira, kugona nyumba imodzi, kuthandizana kulima, palibe amene amacheuka. Choncho alipo akazi amene amakhala moyo wawo mkati mwa chete ameneyu. Achemwali akudziwa, amayi akukayikira, koma palibe watchula. Malinga sichinatchulidwe, amalume alibe mlandu woti aweruze. Tsiku limene chidzatchulidwe pagulu, ngakhale amalume amene amamukonda mwana wa mlongo wawo adzakakamizika kuchitapo kanthu kuti anthu awaone. Amene amauza mkazi wotere kuti "ingonena" sadziwa kuti mwina akumuuza kuti agwetse denga lokhalo limene likumuteteza ku mvula.

Kuulula sikuchitika kamodzi

Timalakwitsanso poganiza kuti pali makomo awiri okha, lobisa ndi loulula. Mkazi wotere amasankha tsiku ndi tsiku, munthu ndi munthu. Mnzake wa kusekondale akudziwa, mchimwene wake sakudziwa. Ku Blantyre, kumene amakapikula katundu, ali ndi anthu awiri atatu amene amamasuka nawo. Akatsika minibasi pa Milepa amavalanso nkhope ina. Izi si chinyengo. Tonsefe tili ndi zimene timauza anzathu a m'kalasi koma osauza abambo athu.

Asanatsegule pakamwa, amayamba wayesa madzi. Wailesi ikatchula nkhani ya ku khoti, amamvetsera zimene amayi anene. Akati "anthu amenewa angowapha," wamva yankho lake. Akati "koma nawonso ndi ana a anthu," amasunga mawuwo mumtima, mwina kwa chaka chathunthu. Kenako amadzifunsa mafunso amene ndi a moyo weniweni. Munthu ameneyu akapsa mtima, pakamwa pake pamagwira? Ndikathamangitsidwa usiku uno, ndikagona kuti? Fizi yanga akulipira ndani, ndipo yatsala ya zaka zingati? Ngati ndili ndi mwana, andilanda? Ndipo pali funso limene olimbikitsa kuulula amaliiwala kawirikawiri: mnzangayo wavomera? M'dera laling'ono, kudziulula wekha n'kuululanso amene anthu amakuona naye masiku onse. Chinsinsicho n'cha anthu awiri.

N'chifukwa chake ambiri amadikira. Amadikira amalize sukulu, apeze ntchito, akhale ndi kanyumba ka lendi kolipira okha. Ena amasankha kuuza munthu mmodzi yekha m'banja moyo wawo wonse. Ena sauza aliyense. Zonsezi ndi zisankho za munthu woganiza.

Mtengo wa kukhala chete

Sindikunena kuti kubisa n'kwaulere. Mtengo wake ndi wowawa, ndipo tiyenera kuutchula.

Pali amene amalolera kukwatiwa kuti mafunso athe. Mwamuna amabwera, ankhoswe amakumana, nthungululu zimalira. Pamenepo ovutika ndi awiri, chifukwa mwamunayo nayenso walowa m'banja limene mnzake sanalifune, ndipo sadzadziwa chimene chikulakwika. Amene amati akuteteza banja poumiriza mtsikana kukwatiwa aganizirepo za banja la mtundu umenewu.

Pali kuopsezedwa. Amene wagwira chinsinsi cha mnzake m'dziko limene chinsinsicho chingamumangitse, wagwira chingwe cha pakhosi. Lero apempha mayunitsi, mawa ndalama, mkuja thupi. Wochitiridwa zotere sathamangira kupolisi, chifukwa akuopa kuti funso loyamba likhala la iye mwini. Bungwe la Human Rights Watch, mu lipoti lake la mu Okutobala 2018 lonena za Malawi, linalemba za anthu amene anamenyedwa kapena kuchitiridwa nkhanza koma osakadandaula kulikonse pa chifukwa chomwechi.

Pali thanzi. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri padziko lonse. Kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansayi, kamafala ngakhale pakati pa akazi okhaokha. Koma mkazi amene akudziwa kuti akakayezetsa afunsidwa za "abambo a kunyumba", pamzere pali anansi ake, angasankhe kungokhala.

Ndipo pali kusungulumwa kumene kulibe dzina. Mnzake akadwala, iye si woyenera kukhala pambali pa bedi. Akamwalira, amakhala panja ndi anthu wamba, kuthandiza kuphika ndi kutunga madzi, osaloledwa kulira kuposa mnansi.

Ndiye ngati kubisa kukupweteka chonchi, bwanji osangoulula? Chifukwa amene akumva ululu wa mbali zonse ziwiri ndi iyeyo, ndipo ndi yekhayo amene angadziwe ululu umene angaupirire chaka chino.

Phunziro limene Chiradzulu ikulidziwa kale

Boma lino linaphunzirapo kale za chinsinsi ndi kuulula. Ndisanapitirire ndinene momveka: kukonda mkazi mnzako si matenda, ndipo bungwe la World Health Organization linachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda pa 17 Meyi 1990. Chimene ndikufanizira pano ndi mmene anthu amasankhira kulankhula.

Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV pa chipatala cha boma cha Chiradzulu, dziko lonse lisanayambe kuwapereka mwaulere mu 2004. Kenako mankhwalawa anafika m'zipatala zing'onozing'ono za m'bomali, kuphatikizapo cha Milepa. Zaka za m'mbuyomo anthu ankauzidwa kuti ayezetse ndi kulankhula poyera, koma ambiri sankatero, chifukwa kuulula kunkangobweretsa chitonzo popanda phindu. Zinthu zinasintha pamene kulankhula kunayamba kubweretsa moyo, pamene aphungu a kuchipatala analonjeza kusunga chinsinsi, ndiponso pamene wodwala analoledwa kusankha yekha munthu mmodzi womudalira. Palibe amene anaima pamsika kuwerenga mayina. Anthu anayamba ndi mmodzi, kenako gulu lothandizana, ndipo ena patapita nthawi anaima pagulu mwa kufuna kwawo.

Anthu salankhula chifukwa chakuti wina wawakalipira kuti alimbe mtima. Amalankhula pamene mtengo wa kulankhula watsika.

Kwa amene amati kuonekera ndiko kumasintha dziko

Mfundo yawo ili ndi mphamvu. Ku America, Harvey Milk wa ku San Francisco ankalimbikitsa anzake kuti adziulule kwa abale awo, poona kuti n'kovuta kudana ndi gulu la anthu ukadziwa kuti mwana wako ali momwemo. Kuyambira 1988 kumeneko amakumbukira tsiku la kudziulula pa 11 Okutobala. Kuno kwathu, buku la 2016 lotchedwa Proudly Malawian linasonkhanitsa mbiri za moyo wa akazi otere, ndipo linathandiza kutsutsa bodza loti m'Malawi mulibe anthu amenewa. Mu Juni 2021 bungwe la Nyasa Rainbow Alliance linachititsa ulendo wa pamsewu ku Lilongwe. Inali nthawi ya Covid-19, ndipo zophimba kumaso zimene ambiri anavala zinagwira ntchito ziwiri. Anthu amenewa ndi olimba mtima, ndipo popanda iwo nkhaniyi sibwenzi ikukambidwa n'komwe.

Koma kulimba mtima ndi mphatso imene munthu amapereka, si msonkho woti tizitolera. Njira ya ku San Francisco imayenda bwino kwa munthu wa malipiro ake, chipinda chake, ndi mzinda woti athawireko. Ngakhale kumene malamulo anasintha, chitetezo sichinabwere tsiku lomwelo. South Africa inavomereza maukwati a amuna kapena akazi okhaokha mu 2006, koma mu Epulo 2008 Eudy Simelane, amene anasewerapo mpira mu timu ya dziko ya Banyana Banyana ndipo ankakhala moyo wake mosabisa, anagwiriridwa ndi kuphedwa kwawo ku KwaThema. Ngati zinatero kumene lamulo linali kumbali yake, tili ndi ufulu wanji ife wouza mtsikana wa pa Milepa kuti ayambe ndiye? Zikavuta, amene tinamulimbikitsa tidzalemba mawu achisoni pa Facebook n'kubwerera m'kalasi.

Kwa amene chikhulupiriro chawo chimakana

Anzanga ambiri ndi opemphera, ndipo sindikuyesa kusintha chiphunzitso cha mpingo kapena mzikiti wa wina m'nkhani imodzi. Mungakhulupirire kuti ndi tchimo. Funso langa ndi lina: kodi chikhulupiriro chimenecho chikukupatsani chilolezo chojambula mauthenga a mnzanu n'kuwatumiza ku gulu la kwawo? Mu mpingo wa Katolika, wansembe saloledwa kuulula zimene wamva pa kulapa, zivute zitani. Chisilamu chimaletsa miseche ndi kufufuza zinsinsi za anthu. Makolo athu, amene timakonda kuwatchula pa nkhaniyi, ankadziwa kuti za kuchipinda sizikambidwa pabwalo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, ndipo silinena kuti kupatula amene simugwirizana nawo.

Kuululira munthu si kulalikira. Amene amachita zimenezi kawirikawiri si kuti wagwidwa ndi mzimu wa chiyero. Ndi mnyamata amene anakanidwa, mnzake amene anakangana naye, kapena m'bale amene akufuna munda. Ndipo mawu akatuluka sabwezedwa. Amene wawatulutsa sangalamule amene awamve, kapena chimene gulu la anyamata oledzera lidzachite nawo usiku. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: aliyense wa ife ali ndi kanthu kamene sangafune kuti kawerengedwe pamsika.

Zimene tingachite

Ambirife tidzakhala aphunzitsi, anamwino, apolisi, maloya ndi alangizi m'madera ngati Milepa. Ena tili kale achemwali ndi achimwene a munthu amene akutiyesa madzi panopa ife osadziwa. Ntchito yathu si kumusankhira, koma kutsitsa mtengo umene angalipire.

Munthu akakuuzani, dziwani kuti wakusankhani pakati pa anthu ambiri, mwina ataganiza kwa zaka. Musathamangire kumulangiza, kumupempherera mokuwa kapena kumufunsa za kuchipinda. Mufunseni kuti ndani wina akudziwa ndipo akufuna kuti inu mutani. Musauze wina aliyense, ngakhale amene mukuganiza kuti angamvetse, ngakhale chibwenzi chanu. Ngati mukungokayikira, musamupanikize ndi mafunso. Ngati akufuna, adzanena yekha. Samalani nthabwala zanu, chifukwa pamene mukuseka pali wina amene akulemba mumtima kuti uyu ayi. Mukadzavala yunifolomu, funsani mafunso amene sakakamiza munthu kunama, ndipo wodandaula za kumenyedwa mumuthandize ngati womenyedwa. Ndipo ngati mukukhulupirira, monga ine, kuti gawo 137A silinateteze mkazi ndi mmodzi yemwe koma langopereka chida kwa oopseza, kauzeni phungu wanu, popeza khoti linati nkhaniyi ili m'manja mwa aphungu. Zimenezo mungazichite inu, amene simutaya munda chifukwa cholankhula.

Tsiku lina mtsikana wa pa Milepa angadzakhale pakhonde ndi amayi ake n'kunena zimene wasunga kwa zaka khumi. Mwinanso sadzanena. Chimene tingamuchitire n'kuonetsetsa kuti akadzasankha kulankhula, adzapeze munthu womvetsera, ndipo akasankha kukhala chete, pasapezeke wina womulankhulira.